Malaya Ofiira Pamaliro a Radhamés

Ulendo womaliza Eudy kuona mkulu wake ali moyo, Radhamés anali ataimirira pampando wapulasitiki kuseri kwa nyumba yawo ku Moca, foni m'manja, akulalatira tambala wa oyandikana nawo kuti atseke pakamwa. Linali Lamulungu loyamba la Okutobala, dzuwa litapendeka. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali Eudy ndi gitala wake, ndipo pambali pake panakhala Miosotis Paulino, mtsikana yemwe mawu ake ndiwo anachititsa Eudy kusiya yunivesite ku Santiago ali m'chaka chachiwiri, ngakhale amayi ake iye anawauza kuti masamu ndiwo anamukana.

Ntchito yawo inali yotenga nyimbo za eni ake, zija zimaphulika m'mabasi ndi m'magolosale ndi ng'oma ndi malipenga, n'kuzivula zonsezo mpaka kutsale gitala mmodzi ndi mawu awiri. Ankajambula makanema anayi tsiku limodzi, chifukwa Lamulungu lokha ndi limene bambo ake a Miosotis ankatseka golosale masana. Nyimbo ikatha, awiriwo ankathamangira m'nyumba kukasintha zovala kuti oonera aziganiza kuti ndi masiku osiyana. Kenako Eudy ankaika makanemawo pa tsamba lawo la pa intaneti n'kuwatchera nthawi kuti azituluka okha, mmodzi Lachisanu lililonse, sikisi koloko madzulo. Anthu zikwi khumi ndi chimodzi anali atalizolowera ola limenelo.

Wojambula anali Radhamés, wakabaza wa njinga yamoto, munthu wosatha kuimba ngakhale nyimbo ya fuko. Anali ndi kajambulidwe kamodzi kosasintha: ankayambira m'mwamba, pa masamba a mtengo, n'kumatsitsa foni pang'onopang'ono mpaka ipeze nkhope. Iye ankati ndi mmene amachitira opanga mafilimu. Eudy ankati ndi mmene amachitira wosaka mbalame.

"Alamu, musamuyang'ane choncho," Radhamés anauza Miosotis asanayambe nyimbo yachinayi. "Mukatero zala zimamuuma."

"Jambulani, achimwene. Batire likutha," anatero Eudy.

"Foni ndi yako, batire ndi lako. Ine ndabwera ndi luso basi."

Nyimbo yachinayiyo inali yachikondi, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo itatsala pang'ono kutha Miosotis anatsamiritsa mutu paphewa la Eudy, zomwe sanapangane. Radhamés anatsika pampando n'kulamula kuti kanema ameneyo asatuluke, asungidwe mpaka tsiku la ukwati. Pomwepo foni yake inalira: mayi wina wa kumsika ankafuna kukafika ku La Vega dzuwa lisanalowe. Anapempha madalitso kwa amayi ake pakhomo la khitchini monga mwa masiku onse, anatapa nthochi yokazinga m'mbale ya Eudy, n'kuliza njinga. Chipewa cholimba chotetezera mutu chinali chikulendewera pachigongono.

Pobwerera, ali yekha, anawombana ndi lole yonyamula nkhuku pamphambano. Uthenga unafika Eudy atangomaliza kutchera nthawi makanema atatu aja.

*

Radhamés anaikidwa m'manda Lolemba, ndipo masiku asanu ndi anayi a mapemphero anayamba. Khomo lakutsogolo linatsekedwa, anthu akulowera kuseri, wailesi itaphimbidwa ndi nsalu. Pabalaza panali tebulo lovekedwa zoyera, kandulo, tambula ya madzi ndi chithunzi cha Radhamés chomwe anachikulitsa kuchokera pa chiphaso chake cha njinga, n'chifukwa chake sankaseka. Mayi Fefa, amayi awo, ankakhala pampando wogwedezeka osaugwedeza. Eudy ankazungulira ndi thireyi ya khofi m'mawa ndi masana, chifukwa akaima ankamva njinga ikulira pageti.

Miosotis ankabwera tsiku lililonse atavala zotuwa, ali ndi bambo ake, a Pericles. Wina yemwe sankaphonya anali Starlin Grullón, mwana wa mwini sitolo ya mankhwala, amene anabweretsa mipando makumi anayi pa pikapu ya bambo ake popanda womutuma. Starlin naye ankaimba nyimbo za eni ake pa intaneti. Anali ndi magitala atatu, chipinda chomatidwa masiponji kumakoma, ndi mawu osapita patali. Chaka chonse anali akupempha Miosotis kuti aimbe naye. Eudy anamuthokoza chifukwa cha mipandoyo, ndipo mpando uliwonse womwe anaunyamula unamuwawa.

Tsiku lachisanu la mapempherowo, pemphero la kolona lili pakati, mafoni angapo analira kamodzi m'matumba a achinyamata. Msuweni wina yemwe anali m'kanjira ka kukhitchini anatsegula yake osachepetsa mawu. M'nyumba ya maliro munamveka kuseka kwa Eudy, kenako gitala, ndipo inali nyimbo yovinitsa kuposa zonse zomwe anajambula tsiku lija.

Eudy anaima ndi thireyi m'manja. Sanali atagwira foni yake chichokereni kuchipatala.

Mayi wotsogolera mapemphero anakweza mawu, koma foni inali itayamba kale kuyenda m'manja mwa anthu. Onse anaona Eudy atavala malaya ofiira ngati tsabola, akugwedeza mapewa, ndipo pansi pake panalembedwa kuti kanemayo watuluka mphindi ziwiri zapitazo. Eudy anayesa kufotokoza za masiku, za kusintha zovala, za makina omwe amatulutsa okha. Achinyamata anamva. Azakhali ake ena anafunsa kuti ngati makinawo ndi anzeru chotero, bwanji sanamve kuti kuno kwagwa zovuta.

A Pericles anaimirira, anatenga chipewa chawo, n'kugwira Miosotis pamkono. Sanayang'ane Eudy. Analankhula ngati akuuza khoma.

"Kaya anaimba lero, kaya anaimba dzana, ine sizikundikhudza. Mwana wanga sangakhale ndi mwamuna wochita kukumbutsidwa kuti m'nyumba mwake muli maliro."

Mayi Fefa anadikira mpaka anthu atachepa. Sanakalipe. Anati akumukhulupirira, poti tsiku lija anali pomwepo, ndipo malayawo anasita ndi iwo. Koma anthu aona zofiira, ndipo diso likaona silibweza. Anatenga gitala, anamukulunga m'nsalu yoyala pabedi, n'kuuza Eudy kuti amukweze yekha pamwamba pa kabati ya zovala. Mpaka Misa yokumbukira kuti patha chaka, m'nyumbamo simudzalira chingwe, ndipo pa tsamba lija sipadzatuluka kanthu. Eudy anaika dzanja patebulo loyera lija n'kulonjeza. Makanema awiri otsalawo anawaletsa nthawi yomweyo.

*

Masabata anayi anadutsa. A Pericles anali atalamula kuti Eudy asapondenso pagolosale, ngakhale kudzagula machesi, choncho chikondi chonse chinasamukira m'foni. Miosotis ankalemba mofupikitsa, pakati pa makasitomala. Wadya? Amayi agona bwanji? Ndakusowa, wopusa iwe. Eudy ankawerenga, n'kulemba mayankho aatali, n'kuwafufuta, n'kutumiza kuti ali bwino.

Lachisanu linali tsiku lovuta. Ikamayandikira sikisi koloko zala za kumanzere zinkayamba kumuyabwa, ndipo ankazipanikiza pamphepete mwa tebulo kuti zikhakha za m'nsonga zisafewe. Zinkafewabe.

Lachisanu lachiwiri la Novembala, ola lomwe lija, mnzake wina wa kuyunivesite anamutumizira kanema popanda mawu alionse. Anali wa pa tsamba la Starlin. M'munda wa maluwa kwa a Grullón, pabenchi yachitsulo, panali Starlin ndi gitala wonyezimira, ndipo pambali pake Miosotis atavala diresi yachikasu.

Eudy anamuonera kakhumi ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse maso ake ankathamangira nkhope imodzi. Starlin ankapalasa zingwe ngati nkhuku pamoto wozima, kudzaza paliponse pamene nyimbo inkafuna kupuma. Zimenezo zinamusangalatsa Eudy pang'ono. Chomwe chinamulasa n'chakuti Miosotis akafika pokweza mawu ankatsinzina n'kugwira khutu lakumanzere, kenako n'kutsegula maso pa woimba gitala, akumwetulira ngati wabwerako kutali. Zaka ziwiri Eudy ankaganiza kuti kumwetulira kumeneko n'kwake. Tsopano anaona kuti n'kwa aliyense wokhala pampando wa kudzanja lamanja.

Ndemanga zinali zitadutsa mazana atatu. Ena anafunsa kuti mnyamata wakale uja ali kuti. Wina anayankha kuti ndi uja anavina pamaliro a mkulu wake. Mayi wina wolemba kuchokera kunja analemba kuti awiriwa akuyenerana ngati mpunga ndi nyemba, n'kuikapo mitima isanu ndi iwiri. Eudy anaiwerenga mitimayo.

Anamulembera Miosotis mawu atatu okha: Chikasu chimakukhala bwino.

Yankho linabwera msanga. Lamulungu ikatha Misa ya naini, kupaki, pabenchi ya kuseri kwa ogulitsa madzi a nzimbe. Usandilembere zina mpaka pamenepo.

*

Anamupeza atakhala kale, atavala zotuwa zomwe zija, tsitsi atalimanga kumbuyo. A Pericles anali kutsidya kwa msewu pa tebulo la masewera a domino, atawafulatira, ndipo Miosotis anati ali ndi nthawi ya masewera awiri basi, kapena atatu ngati bambo ake akuluza.

Eudy sanakhale pansi. Anafunsa ngati mipando makumi anayi ija inali malowolo. Anati akumvetsa, woimba sangadikire chaka, mawu amachita dzimbiri. Koma mwezi umodzi? Munthu amene ankamutcha alamu, amene ankamunyamula panjinga ulere mvula ikamagwa, dothi lake lisanaphwe n'komwe, iye n'kuvala chikasu kukaseka m'maluwa a eni?

"Khala pansi, anthu akutiona," anatero Miosotis. "Ine sindinaimbe chimwalirireni alamu. Ngakhale posamba. Ukafunse amayi anga."

"Ndiye uja ndi mapasa ako?"

"Iwe Eudy, mwa anthu onse a m'tauni muno, iweyo ungafunse funso limenelo? Unavala zofiira liti?"

Eudy anakhala. Kwa kamphindi mtima wake unatsika, ndipo manyazi anamugwira, chifukwa anali atagwa m'dzenje lomwe azakhali ake anagwamo. Kenako anawerenga masiku, ndipo chomwe chinatsika chija chinakweranso chili chowawa kuposa poyamba. Ngati sanaimbe chichitikireni maliro, ndiye kuti kanemayo anajambulidwa kale, nthawi imene zonse zinali bwino, nthawi imene ankamuperekeza mpaka pakona ya golosale n'kumupsompsona kuseri kwa mulu wa makreti.

"Liti?"

"Mu Seputembala. Loweruka lija unapita ku Santiago kukagula zingwe."

"Zingwe zoimbira iweyo."

"Eya."

"Makanema angati?"

"Anayi. Monga timachitira."

Mawu akuti monga timachitira ndiwo anamupweteka kwambiri. Anamuona m'maganizo akuthamangira m'nyumba ya a Grullón kukasintha zovala kanayi, m'chipinda cha ndani, pagalasi la ndani. Anamufunsa zimenezo. Miosotis anatulutsa foni yake, anatsegula kanema uja, n'kumuuza kuti ulendo uno aonere poyambira, asathamangire nkhope yake.

Kanemayo anayambira m'mwamba, pa masamba a mtengo wa maluwa ofiira. Chithunzi chinatsika pang'onopang'ono, chikugwedezeka pang'ono ngati cha munthu woimirira pampando, mpaka chinapeza nkhope ziwiri.

Wogulitsa madzi a nzimbe analiza makina ake. Eudy anaonera poyambira paja kachiwiri.

Miosotis anafotokoza motsitsa mawu. Nzeru yonse inali ya Radhamés. Iye anali atapita yekha kuyunivesite kukafunsa, ndipo anamuuza kuti mng'ono wake angathe kubwerera mu Januwale ngati atalembetsa msanga. Ankadziwa kuti Eudy sangavomere, chifukwa adzanena kuti akachoka tsamba lifa ndipo Miosotis atsala wopanda womuimbira. Ndiye anafuna kuchotseratu chifukwa chimenecho. Anapita kwa Starlin, anapanga tsiku, ananyamula Miosotis panjinga, anajambula yekha, ndipo anakhala pakhomo la chipinda nthawi yonse imene ankasintha zovala. Anagwirizana kuti makanemawo adzatuluka Eudy akadzabwerera kusukulu, iye atamuuza kaye pamaso. Sanapeze mpata womuuza.

"Ankati mutu wako ndi wabwino kuposa zala zako," anatero Miosotis. "Ine ndinakangana naye. Ndinati zonse ndi zabwino. Koma ndinapitabe, ndipo ndikanayenera kukuuza. Pamenepo ndiye ndinalakwa."

"Nanga bwanji atuluka panopa?"

"Starlin sanandifunse. Ndamuuza kuti aleke."

Eudy anafuna kulira, ndipo anafunanso kumenya munthu, koma woyenera kumenyedwayo anali kumanda. Choncho anatembenukira kwa amene anali pafupi. Anafunsa ngati Radhamés ndi amenenso anamuuza kuti azimwetulira choncho.

Miosotis anabweza foni m'kachikwama n'kuimirira. Kutsidya kuja a Pericles anali akusonkhanitsa domino.

"Ndimamwetulira nyimbo ikandituluka bwino. Sindinkadziwa kuti unalembetsa kuboma kuti n'kwako."

*

Lachitatu masana Eudy anapita kukagulira amayi ake mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Akanatha kupita kusitolo ina. Anapita kwa a Grullón.

Starlin anali panja, atatsamira pikapu, akudya chinangwa chokazinga cha m'kapepala. Anamupatsa moni mwaulemu, anafunsa za Mayi Fefa, n'kumulozera kapepalako kuti atapeko. Eudy anakana. Anamuuza kuti makanema atatu otsalawo asatuluke.

Starlin anati akumva chisoni, ndipo zinkaoneka kuti akunena zoona. Koma malemu ndi amene anabwera yekha kudzamupempha, tsiku lonse la Loweruka linapita, ndipo pangano linali loti atuluke Eudy akadzasiya kuimba. Kodi sanasiye?

"Ndili pamaliro, aise. Sindinasiye."

"Oonera sasiyanitsa, amwene. Lachisanu likafika amafuna nyimbo."

Anapukuta zala pathalauza n'kuwonjezera, ngati nkhani yongokumbukira, kuti mwini malo ena odyera ku likulu, ku Santo Domingo, waona kanema uja ndipo akufuna awiriwo aziimba kumeneko Lachisanu ndi Loweruka lililonse nyengo yonse ya Khirisimasi, mwina mpaka Isitala. Miosotis wakana kawiri. A Pericles nawonso akuti mwana wamkazi sapita ku likulu kukaimbira anthu akudya, ngakhale ali ndi azakhali ake kumeneko.

"Ndiye zatha," anatero Eudy.

"Kwa lero." Starlin anamwetulira, mopanda nkhanza n'komwe, ndipo zimenezo ndizo zinaipitsa. "Ine sindikuthamanga. Iweyo watsala ndi miyezi khumi ndi umodzi uli chete. Ndi Malachisanu ambiri amenewo."

Eudy anabwerera kunyumba atayiwala mankhwala aja pakauntala.

*

Lachisanu linafika ndi mvula yowaza. Mayi Fefa anali kuseri akusankha nyemba ndi mayi woyandikana nawo, mwini tambala uja. Eudy anakhala pabedi lake, pansi pa kabati pomwe panali gitala, akuyang'ana nthawi pafoni. Miosotis anali asanamulembere chichokereni kupaki. Pa tsamba la Starlin panali pataikidwa kale chithunzi cholengeza nyimbo yamadzulowo: Miosotis atavala zobiriwira, akuseka, dzanja lake lili pafupi ndi bondo la Starlin. Silinali pabondo. Eudy anachikulitsa ndi zala kuti atsimikize, ndipo mpata womwe anaupeza unali wochepa kuposa chala.

M'foni mwake munali kanema mmodzi yemwe sanamutsegule chiyambireni maliro, wachinayi uja, wa tsiku la ukwati. Anadziuza kuti sakuswa lonjezo kwenikweni, poti sagwira gitala. Anadziuza kuti akungofuna anthu aja a mitima isanu ndi iwiri aone pamene mutu wa Miosotis umatsamira ukatopa. Sanamuonere, chifukwa ankaopa zomwe angaone, ndipo sanamudule poyambira ndi pothera monga ankachitira ndi ena onse. Analemba pansi pake kuti: Eni ake alipo. Anamutulutsa kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane sikisi, kuti atsogole.

Kwa kotala la ola anamva bwino. Manambala ankakwera ngati madzi mumtsinje. Anthu ankalemba kuti awa ndiye enieni, kuti wa maluwa uja abwerere kukagulitsa mankhwala.

Kenako, kuchokera kuseri, anamva mawu a Radhamés.

Mayi woyandikana nawo uja anali atatsegula kanemayo pafoni yake, ndipo kanemayo anali atafika kothera, pamene Eudy akanadula. Gitala anali atasiya. Mawu a munthu wosaoneka, ali pafupi kwambiri ndi foni, ankaseka n'kunena kuti ameneyu asungidwe, ndi wa tsiku la ukwati, ndipo mphwanga ukamutulutsa msanga ndidzakuthyola zala. Kenako mawuwo anatalikira, akuitana: Amayi, ndidalitseni, ndikupita.

Eudy atatuluka anapeza nyemba zitamwazika pansi. Mayi Fefa anali atagwira foni ya eni ndi manja awiri, ataiyandikitsa kukhutu. Milomo yawo inayankha yokha, monga inayankhira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuti Mulungu akudalitse, mwanangu. Atatero anabweza foniyo kwa mwini wake, anawerama n'kuyamba kutola nyemba imodziimodzi.

Eudy anagwada kuti awathandize. Iwo anamuchotsa dzanja, mosakankha.

"Unali ndi mawu ake m'thumba mwezi wonse," anatero osamuyang'ana, "ndipo ine ndawamva pamodzi ndi anthu zikwi khumi ndi chimodzi."

Anamuchotsa kanemayo nthawi yomweyo, koma anthu anali atamukopera kale. Pofika m'mawa anali m'foni iliyonse ya m'tauni, ena atadula nyimbo yonse n'kusiya mawu a malemu okha.

*

Miosotis anabwera Loweruka dzuwa lili pamutu. Sanalowe. Anaima kunja kwa geti, ndipo Eudy anaima mkati, zitsulo zili pakati pawo. Maso ake anali otupa koma ouma.

Anamuuza kuti bambo ake anaonetsedwa kanemayo ndi kasitomala wodzagula mafuta ophikira, pamaso pa anthu asanu. Anadikira mpaka atatseka golosale. Kenako anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kwa a Grullón, ndipo anakhalako maola awiri. Pobwera anati aganiza bwino: ku likulu si kutali kwenikweni, azakhali ake ali ndi chipinda chopanda munthu, ndipo ndi bwino mwana wawo aziimbira anthu akudya kusiyana n'kuti azipachikidwa pa intaneti ndi munthu wosasunga lumbiro ngakhale kwa mayi ake omubereka.

Eudy anati apita kukawagwadira. Anati amulembera aliyense, afotokoza, apepesa. Anati anachita zimenezo chifukwa chomukonda.

"Eni ake alipo," Miosotis anabwereza pang'onopang'ono. "Ngati chikwangwani cha papuloti. Mutu uja ndinautsamiritsa ndekha, Eudy. Palibe anandiuza. Chinali chinthu chimodzi m'makanema athu onse chimene sindinachitire oonera."

"Ukakane. Unakana kawiri."

"Ndinakana kawiri chifukwa ndinkati ndidikira nawe chaka chonse, ndili chete ngati iweyo. Ndinali nditawauza kale amayi anga."

"Nanga tsopano?"

"Tsopano bambo atandifunsa dzulo, ndinayesa kukana, koma pakamwa panga sipanatseguke."

Eudy anagwira chitsulo cha geti pafupi ndi dzanja lake. Miosotis sanalichotse dzanjalo, komanso sanalisunthire kwa iye. Anafunsa za Mayi Fefa, ndipo Eudy anati sanamulankhule chiyambire dzulo, koma m'mawa anapempha mayi woyandikana nawo uja kuti awaikirenso pothera paja, katatu. Miosotis anatsinzina kamphindi. Anati kalembera wa kuyunivesite akutseka kumapeto kwa mwezi, ndipo mapepala omwe Radhamés anakatenga ali kwa iye, adzawapatsira msuweni wake. Achite nawo zomwe akufuna.

Pakona panaima pikapu ya a Grullón, injini ikulira. Starlin sanatsike, sanaimbe hutala. Ankangodikira, chigongono chili pawindo.

"Ndi iyeyo wakubweretsa?"

"Bambo anati ndisabwere ndekha."

Eudy anafuna kufunsa kuti m'basi adzakhala mpando umodzi ndi Starlin kapena ayi, kuti azakhaliwo amakhala kutali bwanji ndi kumene Starlin azikagona, kuti adzavala chiyani usiku woyamba. Mafunso onsewo anawameza. Anafunsa limodzi lokha, kuti anyamuka liti.

"Loweruka, pa 7 Disembala."